Khoswe Akakhala Pamkhate: Mau kwa Mwana Woitanidwa Kukhala Mboni

Mwezi uno ndasankha nkhani imene sitiikamba kawiri-kawiri pa misonkhano yathu, ngakhale kuti ilipo pakati pathu. Funso lake ndi ili: kodi mwana acite ciani ngati apolisi kapena khoti amuitana kuti akanene zimene anaona, pamene woimbidwa mlanduyo ndi atate ake, amai ake, atsibweni ake, kapena munthu wina amene amamusunga?

Makolo athu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponya mwala, uswa mkhate womwe. Ndi mmene zilili m'nyumba zambiri kuno ku Petauke ndi ku Nyimba. Wolakwayo ndiye amalima munda, ndiye amagula feteleza, ndiye amagulira ana yunifomu ndi makope. Akamangidwa, nkhokwe imauma. Conco acibale onse amatembenukira kwa mwana uja amene anaona, namuuza kuti, "Usaticititse manyazi, za m'nyumba sazitulutsa kubwalo." Mwana wa zaka 12 amasenzetsedwa katundu amene ngakhale munthu wa imvi angadzandire naye.

Mwana amaitanidwa kukhala mboni m'njira ziwiri. Mwina iye mwini ndiye anacitiridwa coipaco: anamenyedwa mpaka kuvulala, anagwiriridwa, kapena anakakamizidwa kukwatiwa. Mwinanso anangoona: anaona amai ake akumenyedwa, kapena mng'ono wake akuotchedwa manja cifukwa ca ndiwo. Njira zonse ziwiri n'zowawa, cifukwa mwanayo sanaleke kukonda kholo lake. Ndikufuna mudziwe zimene lamulo la dziko lathu likunena za mwana wotere, ndi zimene zatsalira ife a mumpingo.

Mlandu si wa mwana

Coyamba cimene ndimauza wacinyamata aliyense wogwera m'bvuto ili n'cakuti mlandu si wake. M'Zambia, papepala la mlandu waupandu salemba kuti mwana uje alimbana ndi atate ake. Amalemba kuti "Anthu" alimbana ndi uje. Woimba mlandu ndi dziko lonse, kudzera mwa oimira boma a bungwe la National Prosecution Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2010. Wogamula ndi majisitireti kapena jaji. Mwana ali ndi nchito imodzi cabe: kunena zimene maso ake anaona ndi zimene makutu ake anamva.

Tsono wina akati, "Iwe ndiwe wamangitsa atate ako," akunama. Mwana samanga munthu. Cimene camanga munthuyo ndi zimene anacita ndi manja ake. Coipa citsata mwini.

Pa cifukwa comweco, mlandu waukulu sungathere pamphasa ya anyakwawa. Mafumu athu ali ndi nchito yolemekezeka, ndipo amaweruza bwino nkhani za malire a minda, za ziweto zodya mbeu ndi za mikangano ya m'mudzi. Koma kugona ndi mwana wosafika zaka 16 si nkhani ya mbuzi ziwiri. Cisinthireni lamulo la milandu mu 2005, cilango cake ndi ndende zaka zosacepera 15, ndipo cingafike moyo wonse. Mlandu wotere umazengedwa kwa majisitireti, ndipo munthu akapezeka wolakwa amatumizidwa ku Khoti Lalikulu kuti likapereke cilango. Kwa ife a cigawo ca Kum'mawa, khoti limeneli limakhala ku Chipata. Kulandira ndalama kapena ciweto kuti ubise mlandu wotere nakonso ndi mlandu.

Mwina mufunsa kuti, kodi mwana angakane kupereka umboni poti woimbidwa mlanduyo ndi kholo lake? Maiko amasiyana. Ku Germany, lamulo limalola mwana kukana kupereka umboni pa mlandu wa atate kapena amai ake. Malamulo athu, amene mizu yake inacokera ku England, sanatenge njira imeneyo. Kukhala mwana wa woimbidwa mlandu sikuletsa khoti kukuitana. Cimene lamulo lathu lacita ndi kukonza njira yofunsira mwana, kuti asapwetekedwenso kaciwiri m'khoti.

Kale ndi tsopano

Kwa zaka zambiri nkhani za ana m'makhoti zinali kuyendera lamulo la Juveniles Act la mu 1956. Litasinthidwa mu 2011, linati mwana wosafika zaka 14 ayambe wayesedwa ndi khoti, kuona ngati ali ndi nzeru zokwanira ndiponso ngati amvetsa kufunika konena zoona. Akalephera, umboni wake sunali kumvedwa konse. Akapambana, mau ake okha sanali okwanira kumangitsa munthu, panafunika umboni wina woucirikiza. Milandu ina inali kugwa pa apilo cifukwa cakuti mayeso aja sanayende bwino. Ndipo kawiri-kawiri mwana anali kulankhula munthu womuopa uja akumuyang'anitsitsa.

Dziko lathu linali litalonjeza kale kucita bwino kuposa apa. Mu 1989 bungwe la United Nations linagwirizana Pangano la Ufulu wa Ana, ndipo Zambia inalibvomereza mu 1991. Panganoli likuti pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, ubwino wa mwanayo uziganiziridwa patsogolo, ndiponso kuti mwana ali ndi ufulu womvedwa. Panapita zaka zoposa 30 kuti lonjezo limeneli lilowe mokwanira m'malamulo athu. Mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo la Children's Code Act, Nambala 12 la 2022, limene linafafaniza Juveniles Act ndi malamulo ena akale a ana.

Gawo 78 la lamulo latsopanoli ndilo likunena za umboni wa mwana. Ndikupemphani muziwerenge mfundo izi mofatsa, ndipo mukazifotokozere ang'ono anu.

1. Mwana asanapite kukapereka umboni, ayenera kukonzekeretsedwa ndi ofisala woona za ubwino wa ana kapena ofisala wina wololedwa. Kukonzekeretsa si kumuphunzitsa zokanena ai. Ndi kumuuza mmene khoti liliri, amene adzakhalamo, ndi zimene zidzacitika.

2. Mwana afunsidwe pamalo osamuopsa, ndipo mafunso ake alingane ndi msinkhu wake.

3. Afunsidwe m'tseri, popanda gulu la anthu obwera kudzangomvera nkhani.

4. Asakhale m'cipinda cimodzi ndi munthu amene akumuperekera umboni, ndipo asaonane naye.

5. Woimbidwa mlandu kapena loya wake ali ndi ufulu wofunsa mafunso, koma mafunsowo adzere mwa mkhalapakati kapena pa vidiyo.

6. Mwana asafunsidwe koposa kawiri.

7. Mwana wamng'ono amene sangathe kulumbira angamvedwebe popanda lumbiro. Ndipo khoti ndilo liona, malinga ndi mlanduwo, ngati pafunika umboni wina wocirikiza mau ake.

Kuonjezera apo, dzina ndi nkhope ya mwana wokhudzidwa ndi mlandu siziyenera kuulutsidwa m'nyuzipepala kapena pawailesi. Ife a mafoni tisamale pano. Kuika nkhani ya mwana wotere pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp, ngakhale titati tikupempha mapemphero, ndi kumubvula pagulu.

Palinso citetezo kunja kwa khoti. Kuopseza mboni kapena kuinyengerera kuti isinthe mau ndi mlandu, ngakhale wocitayo akhale ambuya ake. Lamulo lothana ndi nkhanza la mu 2011, lochedwa Anti-Gender-Based Violence Act, limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira amene akuwazunza, ngakhale kumulamula kuti ayambe wacoka panyumba. Ndipo ngati pakhomo pali poopsa, a Social Welfare angapezere mwana malo ena acitetezo.

Dziwani kuti si khoti lililonse lili ndi zipangizo za vidiyo kapena cipinda capadera ca ana. Ndiye cifukwa cake kudziwa n'kofunika. Munthu wamkulu woperekeza mwana, ngati adziwa mfundozi, angafunse woimira boma mwaulemu kuti, "Kodi mwanayu adzakhala pati? Adzamufunsa ndani?" Wosadziwa amangokhala cete pabenci.

Nanga kulemekeza makolo?

Apa ndi pamene mtima wa Mkristu wacinyamata umagawanika. Tinaloweza m'kalasi kuti tizilemekeza atate ndi amai. Koma tsegulani Eksodo 20, mudzaona kuti lamulo loletsa umboni wonama lili pamndandanda womwewo, ndipo Wopereka malamulo onsewo ndi mmodzi. Mulungu sangakuuze kuti usunge lamulo lina mwa kuswa linzake. Kuima m'khoti ndi kunena kuti sunaone kanthu, pamene unaona, ndi umboni wonama. Ndi bodza lonamizira amai ako amene anavulazidwa, kapena mlongo wako amene ananena zoona.

Kumbukirani Jonatani, mwana wa mfumu Sauli. Pamene atate ake anafuna kupha Davide popanda cifukwa, Jonatani anawauza pamaso kuti Davide alibe mlandu, ndipo anamucenjeza Davide kuti athawe. Sauli anamutukwana, namuponyera mkondo. Koma Jonatani sanaleke kukhala mwana wa atate ake. Anafera nao limodzi pankhondo paphiri la Giliboa. Kukana coipa ca kholo ndi kukana kholo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Werenganinso 2 Samueli 13. Tamara ataipitsidwa ndi mlongo wake Amnoni, Abisalomu anamuuza kuti akhale cete poti wolakwayo ndi wa m'banja. Davide anamva, anakwiya, koma sanacitepo kanthu. Kodi kukhala cete kuja kunapulumutsa banja? Tamara anakhala wosweka mtima m'nyumba ya Abisalomu. Patapita zaka ziwiri Abisalomu anapha Amnoni, ndipo pambuyo pake anaukira atate ake. Akulu anati mlandu suola. Ukaukwirira m'nyumba, umamera momwemo.

Coonadi cimateteza mbali zonse. Zimacitika kuti makolo akasudzulana, wina amaphunzitsa mwana zonena kuti aipitse mnzake. Zimacitikanso kuti wacibale wosirira munda kapena ng'ombe amasonkhezera mwana kuonjezera nkhani. Woimbidwa mlandu aliyense amayesedwa wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Tsono iwe woitanidwa, usacepetse kuti upulumutse munthu, ndipo usaonjezere kuti ulange munthu. Pamene waiwala, nena kuti waiwala. Funso ukapanda kulimva, pempha alibwereze. Lankhula m'cinenero cimene umalota naco, kaya Cinsenga kaya Cinyanja, pakuti kukhoti kuli omasulira.

Cimene lamulo silingathe

Pa utsogoleri wanga wa gulu la acinyamata ndinaperekezapo mnyamata wina kukhoti. Sindichula mudzi wake kapena mpingo wake. Iye anaona atate ake akumenya amai ake ndi mpini wa khasu mpaka anagonekedwa m'cipatala. Titakhala pansi masiku angapo lisanafike tsiku la mlandu, ndinamufotokozera zonse ndalemba pamwambapa. Anamvetsera, kenaka anandifunsa mafunso awiri amene mulibe m'lamulo lililonse. Loyamba: "Kodi Mulungu adzanditemberera?" Laciwiri: "Ndikacoka kumeneko, ndidzakadya kwa yani?"

Khoti silinali kumuopsa kweni-kweni. Cimene cinamuopsa ndi ulendo wobwerera kumudzi. Ambuya ake obala atate anali ataleka kuyankha moni wake. Anzake a mpira anali kumunena kuti ndi wogulitsa atate. Munda unali wosapalira, ndipo ang'ono ake anali kuyang'ana kwa iye.

Apa ndipo pali mfundo yanga yaikulu. Lamulo limasunga mwana tsiku limodzi kapena awiri amene ali m'khoti. Masiku ena onse a caka ali kumudzi, pacitsime, kusukulu ndi m'chalichi. Majisitireti sangalamule ambuya kuti amwetulire mdzukulu wao. Apolisi sangapalire cimanga. Ana ambiri amasintha mau ao, osati cifukwa coopa loya, koma cifukwa ca njala ndi kusalidwa. Ngati mwana adziwa kuti akanena zoona sadzagona ndi njala, ndiponso kuti pa Sondo adzapeza womukhalira pafupi, adzalimba mtima. Nchito imeneyo ndi yathu.

Gulu lathu linapita kukapalira munda uja Loweruka liwiri. Amai a cigwirizano anasonkha ufa. Mkulu wa mpingo wina anapita kukakhala pansi ndi ambuya aja, osati kamodzi. Sizinali zazikulu, koma mnyamatayo anapita kukhoti, nanena zimene anaona, ndipo sanasiye sukulu. Mpaka lero amapempherera atate ake powachula dzina.

Mnzako akakuululira

Tsono mnzako wa m'kwaya akakukokera pambali nakuuza zimene zikucitika kwao, ucite ciani?

Mumvere mpaka amalize. Usamufunse kuti, "Nanga iwe unali kufunanji kumeneko?" Usamulonjeze kuti sudzauza munthu, koma umulonjeze kuti udzauza okhawo amene angathandize. Usakhale wapolisi, usapite kukafunsa wolakwayo, ndipo usamubwerezetse nkhaniyo kwa abusa, kwa akulu a mpingo ndi kwa amai a cigwirizano mmodzi-mmodzi. Ngati khoti lenileni laletsedwa kufunsa mwana koposa kawiri, ife ndife yani kuti timufunse kasanu?

Ngati wavulazidwa kapena wagwiriridwa, cipatala cisacedwe, kaya ku Petauke, ku Minga, ku Nyimba kapena pa kiliniki yapafupi. Mankhwala oteteza ku kacirombo ka HIV amagwira nchito ngati ayambidwa pasanathe maola 72, ndipo zimene adokotala alemba zimakhala umboni wopeputsa katundu wa mwana m'khoti. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, imene inayambitsidwa mu 1994 kuti iziona za nkhanza za m'banja ndi za ana. Paboma pali ofesi ya Social Welfare. Pafoni, nambala 116 ya Childline ndi yaulere. Pezani munthu wamkulu mmodzi wokhulupirika woti ayende naye njira yonse, cifukwa mlandu ungakankhidwe kangapo, ndipo ulendo wocokera kumidzi ya kutali kufika paboma umadya ndalama. Thumba la gulu lanu lingathandize pamenepo.

Kwa inu abusa ndi akulu a mpingo amene muwerenga tsamba lino la ana anu, ndikupemphani modzicepetsa. Wolakwayo angakhale munthu wodziwika, woimba bwino, wopereka cakhumi mokhulupirika. Mwambo wa mpingo uli ndi malo ake, ndipo kulapa ndi cikhululukiro ndiwo mtima wa Uthenga Wabwino. Koma kuika munthu pa cilango ca mpingo sikulowa m'malo mwa khoti. Tisauze mwana kuti akhululuke pamene tikutanthauza kuti akhale cete. Munthu angakhululukire atate ake ndi mtima wonse, ndi kunenabe zoona atalumbira. Ndipo womangidwayo tisamutaye. Tikamuone kundende, timutengere sopo ndi Mau a Mulungu, pakuti mwina kumeneko ndi kumene adzayamba kuona cimene anacita.

Pomaliza ndilankhule ndi iwe amene ukuwerenga izi mtima ukugunda, cifukwa nkhaniyi ndi yako. Mwina kalata yokuitana kukhoti ili kale m'thumba mwako. Mwina sunauzebe munthu aliyense. Si iwe unaswa nyumba yanu. Ungathe kukonda atate ako, kapena atsibweni amene anakulera makolo ako atamwalira, ndi kudana ndi cimene anacita. Ukalira m'khoti palibe colakwa. Ukawasowa pambuyo pake, palibenso colakwa. Lamulo la dziko lakuikira mpanda, ndipo uli ndi ufulu wopempha kuti mpandawo ulemekezedwe. Sankha munthu wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, umuuze sabata lino.

Ndipo inu ena nonse, pa msonkhano wanu wotsatira werengani pamodzi mfundo zisanu ndi ziwiri zija, ndi kufunsana kuti: mwana wa mumpingo uno akanena zoona mawa, adzagona kwa yani, ndipo munda wa amai ake adzapalira ndani? Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani mpaka tidzakumanenso pa tsamba lino.